Chaka Chomwe Tinazimitsa Chimkuzamawu

Pakamwa pangapa pandilowetsa m'mavuto ambiri, koma mawu amene amandiwawa mpaka lero ndi omwe ndinalankhula ku Masasa tsiku lina Loweruka, chifukwa cha chingwe choyanikapo zovala. Ine ndine wa ku Dedza. Nthawi imeneyo n'kuti nditagwira ntchito yotayipa kwa zaka zingapo pachipatala china cha mpingo mu Mzuzu, ndipo ndinali nditangosamukira ku Masasa, pamtsetse paja pamene mvula ikagwa umatsika ndi matako. Nyumba yake inali ya makomo awiri. Lina linali langa, linalo la mayi wina wachitumbuka, wamtali, wofatsa, wokhala yekha. Ndinkangowatchula kuti aneba. Bwalo linali limodzi, chingwenso chimodzi.

Ndineneretu zomwe ine panthawiyo sindinkadziwa. Anebawo anavutika kwambiri pobereka zaka za m'mbuyomo, mwana anafera m'mimba, ndipo kuyambira pamenepo mkodzo unkangotuluka wokha, osaleka. Amuna awo anapirira pang'ono, kenako anakakwatira kwina. Iwo anatsala ndi nsanza zodzitchinjirizira, beseni ndi singano zolukira. Ankaluka tizipewa ndi timajuzi ta ana, mayi wina n'kumakawagulitsira kumsika. Matenda awo anali ochizika, ndipo dokotala wake ankafika kamodzi pachaka pachipatala pomwe ine ndinkagwira ntchito. Iwo sankadziwa zimenezo. Inenso, amene ndinkatayipa makalata a dokotalayo, sindinkadziwa kuti amabwera kudzachiza chiyani.

Ine ndinkangoona mayi wonyada. Ndikawaitana kuti tidzamwe tiyi ankaima pakhomo, osalowa. Kutchalitchi sankapita. Amayi a chipani akabwera kudzaitana anthu kokaphunzira magule, iwo ankadzitsekera m'nyumba zii, ndipo masiku amenewo zimenezo sizinali zoseweretsa. Anthu ankanong'ona, inenso ndinkanong'ona nawo.

Amene anakhalako mu Mzuzu mwezi wa Juni akudziwa. Kamvula kamawawa kamatha sabata yathunthu, chovala umachapa Lolemba n'kuchivala Lachisanu chikadali chonyowa m'khwapa. Ine madiresi akuntchito ndinali nawo awiri, tsiku lochapa limodzi. Loweruka limenelo dzuwa linasuzumira pang'ono, ine changu kuchapa, kutuluka ndi ndowa, kupeza chingwe chadzaza nsanza kuchokera pamtengo mpaka pamtengo. Kafungo kakenso kalipo. Mtima unangoti phwii.

“Aneba, kodi chingwechi munagula nokha?” ndinatero, mokweza kuti ndi a nyumba yakumtunda amve. “Tsiku lililonse matewera, matewera, koma khanda lake sitilimva kulira. Mwalibisa kuti?”

Anatuluka ndi singano zawo m'manja. Sanandiyang'ane.

“Phepani, amama,” anatero.

Anayanula nsanzazo imodziimodzi, n'kupita nazo kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi, kumene dzuwa silifika ngakhale mwezi wa Okutobala. Ine ndinayanika madiresi anga ndikuimba kanyimbo, ndikudziona ngati ndapambana. Chitsiru cha munthu. Kuyambira tsiku limenelo chingwe chinali changa ndekha.

Tsopano za kuntchito. Chaka chilichonse, mvula ikamatha, akuluakulu a chipatala ankakhala pansi kugawa kandalama kolengezera ntchito zathu kwa anthu. Kandalama kake kanali kochepa, ndipo kankasanduka zinthu zitatu: penti wa zikwangwani, mapepala ndi masitensulo a makina osindikizira aja opukusa ndi dzanja, ndi petulo wa galimoto yomwe inkazungulira m'malokeshoni ndi chimkuzamawu padenga. Ine ndinkakhala pakona ndi kope langa, kulemba zokambirana. Wotayipa salankhula mumsonkhano, amamva n'kulemba basi.

Wogawa anali oyang'anira chipatala, amene tonse tinkawatchula kuti a Bwana. Anali bambo wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, ndipo nkhani yawo chaka chilichonse inali imodzi. Wadi yolipira, ija ya makatani ndi mabedi otalikirana, ndiyo inkayamba kulandira, chifukwa, iwo amati, ndi imene imagula mankhwala a osauka. Kenako mpando watsopano wozulira mano. Kenako sikelo ya ana, imene a Metroni, mkulu wa anamwino, ankaimenyera nkhondo. Zotsala ndiye a chifuwa chachikulu. Pamapeto penipeni, anthu atayamba kale kusuntha mipando, wina ankati, “Nanga dokotala wa amayi uja?” A Bwana ankati, “Pepala limodzi likwana.”

Ndipo linalidi limodzi. Ndinkalitayipa m'Chingerezi: tsiku lofika dokotala, ndi zilembo zitatu zikuluzikulu zoimira dzina la matenda. Ndinkalimata m'khonde la wadi ya amayi, pafupi ndi ndandanda ya mashifiti a anamwino. Sindinafunsepo kuti zilembo zitatuzo zikutanthauza chiyani. Ndinkaopa kuoneka mbuli, ine mtsikana wa setifiketi yotayipa.

Chaka cha chingwe chija dokotala anabwera mwezi wa Sepitembala monga mwa nthawi zonse. Mabedi omwe anamukonzera ambiri anakhala opanda munthu, ndiye anachita zochepa zomwe anapeza n'kunyamuka masiku ake asanathe. Patapita milungu iwiri ndinkadutsa m'khonde lija ndi mafayilo, ndinaona mayi wina wochokera kutali akutsanzikana ndi a Metroni. Ankazungulira ngati mwana amene wavala diresi latsopano, akukutumula chitenje chake, akuseka, misozi ili chuchuchu. “Wonani, amama! Wonani!”

Atapita ndinafunsa a Metroni kuti mayiyu wachira chiyani chomuvinitsa chonchi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Zaka zonsezi ukutayipa, sudziwa?”

Anandifotokozera ali chiimire. Kubereka kovuta, kwa masiku. Mwana nthawi zambiri sapulumuka. Pamatsala kabowo m'kati, madzi n'kumangodutsa. Amayi otero sakhala pagulu, salowa m'nyumba za eni, ntchito yawo imangokhala kuchapa nsanza.

Mafayilo anandilemera. Ndinatsamira khoma, pansi pomwe pa pepala langa lija.

“Nanga dokotalayo abweranso liti?”

“Chaka chamawa, ngati angabwere. Mlendo ndi mame.”

Nditaweruka ndinadzera kugolosale kugula sopo wamtanda. Sindinadziwe chinthu china chonyamula. Ndinawapeza aneba kuseri kwa nyumba atakhala panjerwa, akuluka kachipewa kachikasu. Ndinati odi, ndinagwada pamatope pomwepo ndi diresi lakuntchito.

“Aneba, ndinakulakwirani. Ndinakufunsani za khanda. Sindinkadziwa, koma ngakhale ndikanapanda kudziwa mpaka kalekale, sizinali zoyankhula. Pakamwa panga pandipusitsa.”

Singano zinaima. Kenako anati, “Anali mnyamata.” Anandiuza zonse m'Chichewa chawo chosakaniza, mawu akutsika ndi kukwera monga amachitira akumpoto. Apongozi awo anati kuvutika kobereka kotero kumagwera mkazi amene anayenda ndi mwamuna wina ali ndi pakati. Anawakakamiza kuti aulule dzina. “Ine ndikanatchula ndani? Chiuta akumanya.” Mulungu akudziwa. Aneba anakhulupirira kuti ndi chilango basi, ngakhale sankadziwa cha tchimo liti.

Ndinawauza kuti si chilango, ndi kabowo, ndipo kamasokedwa. Ndinawauza za mayi wokutumula chitenje uja. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

“Yayi, amama. Musandiseke kawiri.”

Ndinalumbira. Ndinati chaka chamawa ndidzawaperekeza ndekha mpaka pabedi. Analandira sopo uja ndi manja awiri, anati yewo. Kuyambira pamenepo tinkamwa tiyi kuseri kwa nyumba, ine pa kampando, iwo panjerwa yawo. Nsanza ndinazibweza ndekha pachingwe.

Koma lonjezo langa linali pangozi ine ndisanadziwe. Itangodutsa Khirisimasi inafika kalata ya dokotala uja, ndipo woitsegula n'kuiika m'fayilo ndinali ine. Analemba mwaulemu, koma mfundo inali yomveka: kwina amayi akumudikira pamzere, kuno amapeza mabedi opanda anthu. Ngati sitimutumizira maina a amayi omudikira mwezi wa Ogasiti usanafike, chaka chino sabwera. Dzina limodzi silikanakwana kumukweza ulendo wonsewo. Kuti aneba achire, panafunika kupezeka anzawo. Kalatayo sindinawauze. Ndinkangowaona akuwerenga miyezi, akufunsa kuti kuchipatalako azidzatenga bulangeti lawo kapena amapereka.

Msonkhano wogawa uja utafika ndinakhala pakona panga monga mwa masiku onse. Wadi yolipira inalandira penti wopakanso chikwangwani chachikulu cha pamsewu ndi maulendo a galimoto. Mpando wa mano unalandira. Sikelo inalandira. Kalata ya dokotala inawerengedwa, anthu anati zachisoni, a Bwana anati, “Chaka chino timate mapepala awiri.”

Ha! Cholembera ndinangochiika pansi.

“Bwana, ndilankhuleko.”

Onse anandicheukira. A Bwana anandiyang'ana ngati makina otayipira ndi amene alankhula.

“Mwana iwe, lemba.”

“Ndilemba, Bwana, koma ndiyambe ndanena. Dzino likamawawa munthu amafunsa yekha njira yakuchipatala. Wothyoka mwendo amabwera atamunyamula. Wadi yolipira anthu a m'maofesi amauzana okha, ndipo chikwangwanicho chikuwerengekabe, ndimadutsapo tsiku ndi tsiku. Tikuthira mawu pamene anthu akudziwa kale. Koma mayi amene anamuuza kuti matenda ake ndi chilango, mukuti adzabwera kuno kudzatani? Pepala lija ndimalimata m'kati mwa chipatala, m'Chingerezi. Ngakhale ine wolitayipa sindinkalimva!”

Ukayamba kutsetsereka ku Masasa suima pakati.

A Bwana anavula magalasi. “Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko,” anatero.

“Nanga ngati sakudziwa kuti chitsekocho chilipo?”

Sindikuti a Bwana anali munthu woipa, ayi. Mankhwala ankagulidwadi ndi wadi ija, ndipo mutu wowawa pa zimenezo unali wawo. Komanso funso lomwe anandifunsa linali loona. Masiku amenewo chilichonse cholengeza pagulu chinkayamba chadutsa kwa a tcheyamani a chipani, ndipo chinkayenera kukhala m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ngakhale tauni yonse inkadzuka ndi kugona m'Chitumbuka.

“Chabwino,” anatero. “Ukufuna dalaivala akafuule chiyani pamsika wa Zolozolo? Tanena mawu ake, ndikawapereke kwa a tcheyamani. Ukufuna tonse tikagone kupolisi chifukwa chotukwana pagulu?”

Amene anandiwombola ndi a Metroni.

“Ndiye tisafuule,” anatero mofatsa. “Chimkuzamawu chikhale chozimitsa. Tipatseni petulo yekha ndi dalaivala. Pa maulendo a ana anga a sikelo, umodzi ndapereka, amayi awo tsiku amalidziwa kale.”

A Bwana anang'ung'udza, anasindikiza cholembera papepala, kenako anachotsa penti wa chikwangwani chija. Zonse pamodzi tinapeza masiku anayi, Lachinayi lililonse la mwezi wa Juni.

“Mukabwera chimanjamanja,” anandiloza ndi cholembera chofiira, “usadzatsegulenso pakamwa mumsonkhano wanga.”

Zimenezonso ndinazilemba m'kope, popeza inali ntchito yanga.

Lachinayi loyamba tinapita ine ndi a Metroni. Tinafika pachigayo, pamjigo, ndi pamsonkhano wa amayi a mpingo. A Metroni ankafotokoza bwinobwino m'Chitumbuka, amayi onse maso pansi. “Kuno kulije,” ankatero. Kulibe kuno, kulibe uko, kulibe paliponse. Dalaivala ankangopukusa mutu. “Galimoto yolengeza, koma osalengeza. Zimenezi ndaziona lero.” Ndinafika kunyumba nditakwiya ndi dziko lonse, nsapato zitalemera matope, dzina ngakhale limodzi ndilibe.

Aneba anandiona nkhope. Sindinathenso kubisa, ndinawauza za kalata ija ndi zonse. Ndinkayembekezera kuti alira. Iwo anangopitiriza kuluka mpaka kumapeto kwa mzere.

“Mukufunsa pagulu?” anatero. “Ife pagulu sitipezekapo. Ndipo amene akutidziwa sangatitchule, akuopa kunyozetsa banja. Musafunse munthu. Muziyang'ana kuseri kwa nyumba. Mukaona nsanza zambiri zayanikidwa pamthunzi, patchire kapena pansi pa nthochi, koma pakhomo palibe mwana wokwawa, ndi pamenepo. Mwezi uno siziuma, ndiye zimakhala panja tsiku lonse.”

Ndinachita manyazi, chifukwa ndinadziwa amene anawaphunzitsa kuyanika pansi pa nthochi pakhomo pathu.

“Koma mukapita inu ndi diresi lanu, a Metroni ndi yunifolomu yawo, sakutsegulirani,” anawonjeza. “Ndipita nawo.”

Munthu amene anatha zaka osadutsa pampopi wa m'dera lathu! Ndinawafunsa kawiri ngati akunena zoona. Anati enya. Pampando wa kutsogolo anakana kwamtuwagalu. Anakwera kumbuyo, anavundikira beseni lawo n'kukhalapo, atafunda bulangeti kumutu chifukwa cha kamvula. A Metroni anali atawagulira khadi la chipani, ndipo linatithandiza tsiku lomwelo pamene anyamata a malaya ofiira anatiimitsa polowa ku Zolozolo. Anafunsa chifukwa chake chimkuzamawu chili chete. Dalaivala, yemwe uja wong'ung'udza, anati waya waduka.

Kachitidwe kathu kanali kotere. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono, aneba akuyang'ana kumbuyo kwa nyumba za anthu. Akaona, ankagogoda padenga kawiri. Dalaivala sankaima pomwepo, ankapitirira ndithu mpaka pagolosale kapena pamphambano, kuti anthu asadziwe khomo lomwe tabwerera. Aneba ankatsika, n'kubwerera okha wapansi, kuzungulira kuseri. Ine ndi a Metroni tinkatsatira patali ngati anthu ofuna nkhuku yogula. Kamodzi kokha ndinamva mawu omwe ankayambira. Sankatchula chipatala, kapena dokotala. Ankapereka moni, kenako ankati, “Nane nili ntheura.” Inenso ndili choncho. Akatero ankakhala pansi pomwepo, pafupi.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Pakhomo lina gogo wamwamuna anatithamangitsa ndi mpini, ati tabwera kudzanyoza mwana wake. Pena tinapeza kuti nsanzazo zinali za nkhalamba yodwala sitiroko, tinapepesa n'kuchoka. Mayi wina anavomera, mawa lake anatumiza uthenga kuti timufufute. Ndinapsa mtima, ndinkafuna kubwererako kukamukalipira, aneba anandigwira mkono. “Musiyeni. Wamva. Kumva kokhako n'kwambiri.”

Ku Msongwe ndiko kunachitika chomwe sindiiwala. Tikunyamuka, bambo wina wa kagolosale, Msilamu wa ku Mangochi, anatithamangira panjinga, kachipewa kali m'manja. Anali ataona aneba akutuluka kuseri kwa nyumba ina, ndipo anazindikira. Anayandikira pawindo la a Metroni n'kutsitsa mawu.

“Amayi, mwadumpha khomo langa. Zathu timayanika m'nyumba, pamoto. Ndimachapa ndine. Lembani mkazi wanga.”

Ndinalemba. Nditacheuka ndinaona aneba akumuyang'ana bamboyo akubwerera panjinga yake, mpaka anakhota.

Pakutha kwa mwezi tinali ndi maina khumi ndi limodzi. Powatayipa aneba anandipempha kuti lawo likhale kumapeto, ayambe aona anzawo ngati atuluke amoyo. Ndinati chabwino, kenako ndinaliika pamwamba penipeni. Akanadziwa ndani ngati dokotalayo sadzatopa asanafike kumapeto? A Bwana anasayina kalatayo, anaitumiza tsiku lomwelo, ndipo anapita nayo okha kupositi.

Yankho linachedwa mpaka ine kuyamba kuonda. Koma linabwera, dokotalanso anabwera.

M'mawa wa tsiku lawo ndinawaperekeza monga ndinalonjezera. Atamva kuti ndi oyamba ananditukwana m'Chitumbuka chimene mpaka lero sindinachimasulire, a Metroni akuseka. Kenako anandigwira chala mpaka pachitseko. Atatuluka anagona milungu iwiri ndi kapaipi, osaloledwa kudzuka, akumwa madzi ngati ng'ombe. Ndinkawapititsira tiyi m'botolo nthawi yopuma masana. Ankaluka ali chigonere, ndipo mayi wa ku Msongwe uja, amene anali bedi lotsatira, anaphunzira kuluka komweko.

Tsiku lochotsa kapaipi sindinatayipe chilichonse cholongosoka. Kalata imodzi ndinaibwereza katatu. Belu la masana litangolira ndinathamanga. Ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, manja ali pamaondo, ngati munthu woopa kugwedezeka. Anatenga dzanja langa n'kuliika pansalu yoyala pabedi, pomwe anakhalapo kuyambira m'mawa.

Panali pouma.

Ndinalira ine, mokweza, mpaka namwino anabwera kudzandiuza kuti muno ndi m'chipatala. Iwo ankangondisisita kumsana ngati wodwala ndine. Nditatonthola anandithirira tiyi wanga yemwe pa chivindikiro cha botolo, tinamwa mosinthana.

Ndiye anafunsa, mwachifatse, ngati akufunsa mtengo wa ulusi.

“Amama, dokotala uyu anayamba liti kubwera kuno?”

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma mapepala onse aja ndinatayipa ndine, ndinamata ndine.

“Chino ndi chaka chachisanu ndi chitatu,” ndinatero.

Anawerenga pa zala, pang'onopang'ono, kubwerera m'mbuyo. Anaima pa chala chachinayi.

“Apa ndi pamene amama anga anamwalira,” anatero. “Uthenga unandipeza. Ndinamanga katundu, ndinafika mpaka padepoti. Kondakitala anandiyang'ana kumapazi, anthu anayamba kusuntha. Ndinaganizanso za kumaliro, amayi atathithikana pamphasa masiku atatu, ine pakati pawo. Ndinabwerera. Kwathu mpaka lero amati ndinakana amama anga.”

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa kukalipirana ndimakutha. Ndinangokhala ndi chivindikiro chija m'manja.

“Akanditulutsa mundiperekeze,” anatero. “Maliro aja sindinalire.”

Dokotala analamula kuti asayende ulendo wa mabampu mpaka patapita nthawi, ndiye tinadikira. Tinanyamuka Loweruka lina mvula yoyamba itagwa, pa basi yam'mawa, kupitirira Ekwendeni, kenako wapansi. Sanafune kuyamba kumudzi. Tinapempha mayi wina amene tinakumana naye panjira kuti akadziwitse eni mudzi ndi kutilozera, ndipo tinalunjika kumanda.

Atafika pamtumbira anagwada, anayamba ndi mawu apansipansi, kuwauza amayi awo kuti ndabwera. Kenako anaukweza. Analira maliro enieni, ngati thupi likadali m'nyumba. Kuminda yapafupi amayi anaweramuka. Ndinawaona akusiya makasu, akubwera mmodzimmodzi m'kanjira, ena akumanga bwino zitenje. Woyamba kufika anayang'anitsitsa aneba, anawazindikira, anafuula dzina lawo. Anakhala pansi n'kuwakumbatira m'chiuno. Enawo anakhala mowazungulira, mothithikana, mapewa kugundana, wina mutu pamiyendo pawo, ndipo onse analira nawo.

Ine ndinaima potero pansi pa mtengo, nditanyamula chikwama chawo.